Dzungu Losagoba: Mbiri ya Halloween Tikaionera Kunyanja Kuno



Chaka chatha, Lamulungu lomaliza la mwezi wa Okutobala, titangomaliza korona ndi ana a Tilitonse pansi pa mtengo wa mango, tidaona mnyamata wina wa zaka 9 atakulunga dzanja lake lamanzere ndi kansanza. Titamufunsa adayamba wazemba, koma anzake adamuulula. Mkulu wake, amene amagwira ntchito pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, adamuonetsa pa foni chithunzi cha dzungu la mtundu wa lalanje, logobedwa maso, mphuno ndi mano, m'kati muli kandulo. Mwanayo adafuna lakelake. Adatenga dzungu limene lidali pansi pa nkhokwe, natenganso mpeni wa kukhitchini. Khungu la dzungu lidakana, mpeni udaterereka, nukathera m'chikhatho.

Madzulo ake kudabwera agogo a mwanayo. Atapereka moni ndi kukhala pansi adati: "Aphunzitsi, bala si nkhani, lipola. Koma dzungu lija ndinalisunga kuyambira mu Epulo, linali la mbewu. Kodi zimenezi mukuwaphunzitsa ndinu kutchalitchi kuno? Kumudzi anthu akuti n'za satana."

Tidawayankha mwachidule, ndipo kunena zoona yankho lathu silidatikhutiritse ngakhale ife eni. Agogowo adafunsa mafunso awiri nthawi imodzi, lina la chikhulupiriro, lina la chakudya. Ife tidathamangira loyambalo, chonsecho limene lidawawawa kwambiri lidali lachiwiri. Tsono popeza zithunzi zija zimabweranso m'mafoni chaka ndi chaka, tiyeni tiutsate mwambowu kuchokera kwawo. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu wadza ndi mpeni weniweni, choncho n'koyenera kumufunsa kumene wachokera tisanamusiye ndi ana.

Tiyambe ndi dzina. Liwu lakuti Halloween ndi chidule cha mawu a Chingerezi chakale otanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Onse. Ndiye kuti tsiku la 31 Okutobala lilibe ulemu wakewake. Limabwereka kwa 1 Novembala, monga momwe usiku wa pa 24 Disembala umabwerekera kwa Khrisimasi. Chaka cha Oyera Onse nachonso sichidayambire mu Novembala. Pa 13 Meyi, cha m'ma 609, Papa Boniface IV adapatula Pantheon, kachisi wakale wa milungu ya Aroma, kuti akhale tchalitchi cha Maria Virigo ndi amaritiri onse. Papa Gregory III, amene adatsogolera Mpingo kuyambira 731 mpaka 741, adamanga kachipinda kopemphereramo m'tchalitchi cha Petro Woyera polemekeza oyera onse. Pofika chaka cha 800, Alcuin wa ku York, mlangizi wa mfumu Charlemagne, ankalembera mnzake Arno, episkopi wa ku Salzburg, za kusunga 1 Novembala; ndipo mu 835, m'nthawi ya Papa Gregory IV, mfumu Louis, mwana wa Charlemagne, idakhazikitsa tsikuli mu ufumu wake wonse. Pambuyo pake Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny m'dziko la France, amene adamwalira mu 1049, adaonjezera 2 Novembala kuti likhale tsiku lopempherera Akhristu onse omwalira.

Madzulo a pa 31 Okutobala adali nthawi yokonzekera, ya kusala ndi kupemphera, ndipo adakhalabe pa kalendala ya Mpingo mpaka 1955 pamene Papa Pius XII adachepetsa masiku a mtundu umenewu. Anthu wamba nawo adaikapo zawo. M'madera ena a ku England, amphawi ndi ana ankayenda khomo ndi khomo kupempha timakeke, ndipo pobweza ankalonjeza kupempherera akufa a pa banjalo. Ana a ku America amene amagogoda m'zitseko kupempha maswiti ndi zidzukulu za mwambo umenewu, ngakhale kuti pemphero lija lidatayika m'njira.

Mudzamvanso anthu akunena kuti Halloween ndi Samhain, mwambo wa anthu akale a ku Ireland ndi Scotland, umene Mpingo udangouveka mkanjo. N'zoona kuti Samhain idalipo. Idali nthawi yotsekera zokolola ndi kulowa m'nyengo yozizira, ndipo nthano zakale za ku Ireland zimaika zodabwitsa zambiri pa usiku umenewu. Koma wolemba mbiri Ronald Hutton, m'buku lake la 1996, adaonetsa kuti Akhristu akale a ku Ireland ankakumbukira oyera onse mu Epulo, ndipo tsiku la 1 Novembala lidafala kuchokera kwa Angerezi ndi Ajeremani. Zimene zidachitika n'zakuti masiku awiriwa adakumana pa kalendala, ndipo m'midzi ya ku Ireland ndi Scotland miyambo yawo idalukana. Ife Amalawi zoterezi sitingazidabwe. Ndi maliro angati kwathu kuno amene amayenda ndi mwambo umodzi wokha?

Nanga nyali idachokera kuti? Poyamba sidali ya dzungu ayi. Ku Ireland ndi Scotland ankagoba turnip, mbewu ya mtundu wa mpiru ndi tanaposi imene imaika chinthu chozungulira pansi ngati mbatata. Ndi yolimba, ndipo kuigoba idali ntchito yotopetsa. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museum of Country Life, pafupi ndi tauni ya Castlebar, kuli chifaniziro cha nyali yotere yochokera ku Fintown m'boma la Donegal. Nkhope yake ndi yonyala, mano ali pamtunda, yoopsa kuposa dzungu lililonse la pa foni. Nyaliyi inkayenda ndi nthano ya munthu wina wotchedwa Jack, woumira ndiponso wochenjera, amene adapusitsa satana kangapo mpaka kumulumbiritsa kuti sadzatenga mzimu wake. Atamwalira, kumwamba adamukana chifukwa cha kuumira kwake, ndipo kumoto adamukananso chifukwa cha lumbiro lija. Adangopatsidwa khala limodzi la moto, naliika mu turnip, n'kumayendayenda nalo mumdima. Tikaimvetsa bwino nthanoyi, tiona kuti satana ndiye wopusitsidwa, ndipo woumira ndiye wolangidwa. Ndi nthano ya pamoto madzulo, mbale wake wa nthano zathu za kalulu, osati pemphero kwa mdyerekezi.

Chimene chidaolotsa nyaliyi nyanja yaikulu ndi njala. Pakati pa 1845 ndi 1852 matenda adaononga mbatata ya kachewere ku Ireland. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adafa, ndipo oposa 1 miliyoni adasamuka, ambiri kupita ku America. Kumeneko adapeza maungu ali mbwee, aakulu, osavuta kugoba, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 dzungu lidali litalowa m'malo mwa turnip. Pano pali mfundo imene zithunzi za pa foni sizinena. Kumpoto kwa America, Okutobala ndi mwezi wokolola. Maungu amakhala atangochoka m'munda, ochuluka kuposa amene anthu angadye. Ndiponso alimi adapanga mitundu ya maungu ogoba basi. Wotchuka kwambiri ndi wa John Howden, mlimi wa ku Massachusetts, umene udafala m'zaka za m'ma 1970: dzungu lake ndi lalikulu, lamphako m'kati, losakoma kwenikweni. Maungu athu ambiri ndi a mitundu ina, a khungu louma gwa ndi mnofu wochindikala. Mnyamata wathu uja ankalimbana ndi dzungu limene silidabadwire mpeni wa mwana.

Tsono dzungu lenilenilo lili ndi mbiri yakeyake, yaitali kuposa ya Halloween, ndipo ndi mbiri imene imatikhudza ife mwachindunji. Kwawo kwa maungu ndi ku America. Ku phanga la Guilá Naquitz, m'chigawo cha Oaxaca ku Mexico, ofukula zakale adapeza nthanga za maungu olimidwa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, chimanga chisanayambe kulimidwa. Eni dziko a kumeneko ankadzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi: nyemba zikwere chimanga, maungu ayange pansi ndi kuphimba nthaka. Kodi si mmene amayi athu amadzalira ku Namwera, ku Malindi ndi ku Nankumba? Azungu atafika ku America mu 1492, mbewu za kumeneko zidayamba kuyenda ndi zombo. Apwitikizi adafika ku gombe la Mozambique mu 1498, ndipo m'zaka za m'ma 1500 adakhazikika ku Sena ndi ku Tete pa mtsinje wa Zambezi. Njira zamalonda zochokera kumeneko zinkafika kwathu kuno. Imene Gaspar Bocarro adayenda mu 1616, kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa, idadutsa kumwera kwa nyanja yathuyi. Pambuyo pake amalonda a Chiyao ankapita okha kugombe ndi kubwerako. Chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, fodya ndi maungu zonse ndi mbewu za ku America zimene zidalowa m'minda ya makolo athu, mpaka tidaiwala kuti zidali alendo. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire ndi kufika kunyanja kuno mu Seputembala 1859, adapeza Amang'anja akulima kale maungu pamodzi ndi mapira, nyemba ndi mtedza, ndipo adazitchula m'buku limene lidatuluka mu 1865.

Chimene chidali chathu kuyambira kale ndi mbale wake wa dzungu, mbewu ija yotipatsa mphonda, zipanda ndi zikho. Imeneyi ndi ya mu Africa muno, ndipo makolo athu ankadziwa kuikongoletsa, kuilemba mizere ndi chitsulo chamoto kapena kuiveka mikanda. Onani kusiyana kwake: chipanda chinkabooledwa chifukwa ntchito yake idali kutunga ndi kusunga, pamene dzungu linkasiyidwa lathunthu mpaka tsiku lolowa mumphika.

Dzungu lidafika kuno yekhayekha, ndipo tsiku la Oyera Onse lidafikanso palokha, patapita zaka zambiri. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala idalowa m'nyanja yathu itanyamula amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi Edward Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, ndipo adamanga ku Cape Maclear. Anthu amenewa ankachokera kudziko lenileni la nyali za turnip, ndipo adafika patangotsala masabata ochepa kuti 31 Okutobala akwane. Koma mpingo wawo sunkasunga masiku a oyera, ndipo malungo sadawapatse mpata wa masewera. Adasamukira ku Bandawe mu 1881, natisiyira manda a anzawo amene alipobe mpaka lero. Nyali sadatisiyire.

Akatolika adafika pa 28 Disembala 1889, pamene Bambo Adolphe Lechaptois ndi anzake a chipani cha White Fathers adalandiridwa kwa mfumu Mponda, pafupi ndi pamene pali tauni ya Mangochi tsopano. Adakhala m'mavuto a matenda ndi a ndale za atsamunda, ndipo adachoka mu Juni 1891. Mukawerenga miyezi, muona kuti tsiku la 1 Novembala lidawapeza kwa Mponda kamodzi kokha, mu 1890. Mpingo udadzazika mizu pambuyo pake, ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers atabweranso ku Mua mu 1902. Dera lathu lidapatulidwa mu 1969 ndi dzina la Fort Johnston, ndipo lidakhala Dayosizi ya Mangochi mu 1973, episkopi woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. Ansembe amene adatiphunzitsa adali Afalansa, Adatchi, Akanada ndi Ataliyana. Adatipatsa Misa ya Oyera Onse, Misa ya omwalira, ndi mwambo wodalitsa manda mu Novembala. Za dzungu loyaka moto sadanenepo kanthu, pakuti sudali mwambo wa tchalitchi.

Choncho zinthu ziwirizi, dzungu ndi tsiku, zidakhala pamodzi kunyanja kuno zaka zoposa 100 osadziwana. Zidakumanitsidwa posachedwapa ndi mafilimu a ku America, ndi malo ogona alendo amene amafuna kusangalatsa obwera kuchokera kunja, ndipo koposa zonse ndi foni. Mwambowu wafika wopanda agogo ake oufotokoza. Wafika ngati chithunzi chabe.

Ndipo wafika nthawi yolakwika. Apa ndi pamene funso lachiwiri la agogo aja lili, ndipo tikupempheni achinyamata kuti mulilingalire mofatsa. Kwathu kuno maungu timadzala ndi mvula yoyamba, timadya nkhwani ndi chiluwe mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo maungu enieniwo amakhwima kuyambira mu Malichi mpaka Meyi. Amakhwima chimanga chisanaume, nkhokwe zili pululu, ndipo ndi chifukwa chake amene adaona njala ya 1949, ndi ife amene tidaona ya 2002 tili ana, sitingaone dzungu ngati choseweretsa. M'mabanja ambiri mphika wa maungu ndiwo unkaima m'malo mwa nsima masabata omaliza a njala. Chilala cha 2024, chimene chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23, chidatikumbutsanso zomwezo. Nanga Okutobala ndi mwezi wotani ku Mangochi? Dzuwa lili phwee, masiku ena kutentha kumafika madigiri 35. Anthu akusosa ndi kugalauza m'minda, akuyang'ana kumwamba ngati chizimalupsa chigwe. Ndiwo ndi mfutso, kapena nkhwani wa kudimba kwa amene ali pafupi ndi madzi. Ufa wayamba kuyezedwa ndi mbale, ana akugwira mimba ndi mango. Kwa zaka zambiri, tsiku lomwelo la 1 Novembala ndi limenenso boma limatsekera usodzi wa makoka panyanja kuti chambo chiswane, ndipo ndalama m'midzi ya asodzi imachepa. Dzungu limene lafika mwezi umenewu lili lathunthu silidafike mwangozi. Wina adalisankha, adalisunga pamthunzi, adaliteteza ku makoswe ndi mbuzi miyezi isanu ndi umodzi. Ku Massachusetts dzungu la pa 31 Okutobala ndi lotsala pa zochuluka. Kwathu kuno ndi lotsiriza.

Tsono dzungu lathunthu ndi lolimba zedi. Khungu lake likapanda bala, limakhala miyezi ingapo. Mukangolibaya, nkhungu ndi ntchentche zimapeza khomo. Ngakhale kumaiko ozizira, dzungu logobedwa limayamba kufota pasanathe sabata. Kuno, ndi kutentha kwathu ndi kandulo m'kati, masiku awiri ndi ambiri. Limene lakhala panja ndi mwaye ndi nyerere silidyekanso. N'zochititsa chidwi kuti ku America komweko makolo ambiri a ana aang'ono adasiya mpeni, chifukwa madokotala a kumeneko amachenjeza chaka ndi chaka za mabala a m'manja pa nyengoyi. Amapaka utoto, amamata mapepala, amaveka maungu nsalu. Mu 2014 bungwe la Food Allergy Research & Education lidafalitsa m'dziko lonselo mwambo wa dzungu lopakidwa utoto wa pakati pa buluu ndi wobiriwira; likakhala pakhomo, ndiye kuti pamenepo ana amene zakudya zina zimawadwalitsa apatsidwa timphatso tosadya. Eni mwambo okha adaona kuti dzungu lingathe kulankhula popanda kuboola pakamwa pake.

Ndi maganizo amenewa tidapita kwa Bambo Mfumu ndi kwa makolo a mphakati wathu kukapempha kuti tiyese. Tidagwirizana mfundo zitatu: pasakhale mpeni, pasakhale moto, ndipo chilichonse chobwerekedwa chibwerere kwa mwini wake monga chidabwerera. Madzulo a pa 31 Okutobala ana adasonkhana ataweruka kusukulu. Mu mphakati wonse tidapeza maungu atatu okha, ndipo chimenechi chokha chidali phunziro lokwanira. Awiri tidachita kugula, pamtengo umene sitiutchula kuopa kudzudzulidwa ndi msungichuma. Lachitatu lidachokera kwa agogo aja, amene adalibweretsa okha pamutu. "Ili ndiye lotsiriza," adatero. "Mukalibweze lilibe ndi kabala komwe." Ana otsalawo adabwera ndi zipanda zakale ndi zikho zong'ambika zimene amayi awo adaleka kugwiritsa ntchito.

Zokongoletsera zonse zidachokera pabwalo pomwepo. Makala ndi choko zidali zolembera. Dothi lofiira la katondo ndi phulusa loyera, tikazisungunula ndi madzi pang'ono, zidakhala utoto, ndipo chala cha mwana ndicho chidali burashi. Zomatira tidaphika kuchokera ku ufa wa chinangwa, phala lopyapyala limene limagwira likauma koma limachoka ndi madzi. Ana adamata makoko a chimanga, masamba ouma a mango, zigoba za nkhono zotola kugombe, ndi zidutswa za zitenje zimene telala wina wa pamsika adatipatsa. Atsikana okulirapo adaluka timikombero ta mlaza toveka pamutu pa dzungu. Penti wa mafuta tidamukana, chifukwa dzungu likadali chakudya. Tidaletsanso singano, misomali ndi minga, ndi kunyamula dzungu pogwira kachitsa ka pamutu pake, pakuti kakathothoka kuola kumayambira pomwepo. Ana a zaka 3 ndi 4, amene pa ntchito ya mpeni akadangokhala oonerera, ndiwo adasangalala koposa. Ankaviika chikhatho chonse m'katondo n'kuchidinda pa dzungu, ndipo ena adadzidinda okha kumaso.

Nkhani yovuta idali ya chojambula. Anyamata adafuna mano ndi maso oopsa ngati a pa chithunzi chija. Tidakana, ndipo tinene chifukwa chake mosabisa, poti ena mwa inu mudzatitsutsa. Sitikhulupirira kuti nkhope yojambulidwa ndi khala ili ndi mphamvu iliyonse. Koma chizindikiro chimalankhula chinenero cha malo amene chili. Ku Ireland nkhope yoopsa inkasekedwa ndi anthu amene ankaidziwa nthano yake. Kwathu kuno nkhope yobisika ili ndi eni ake ndi malamulo ake. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, si masewera a ana, ndipo mbiri ya kusamvana kwake ndi amishoni ku Mua ndi yaitali. Komanso mantha a usiku kwathu amapha. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. M'dziko lotere, kutuma ana kuti ayende mumdima atavala ngati mizukwa, n'kumagogoda pa zitseko za anansi athu, Akhristu ndi Asilamu omwe, si nzeru. Pa chifukwa chomwecho tidabweza mtsikana wina amene adayamba kuveka mikanda kachipanda kakang'ono. Iye ankaona kukongola. Mayi aliyense wodutsa akadaona nsupa.

Makolo awiri adakanabe kutumiza ana awo. Adati chinthu chikadzera m'mafilimu a mizukwa, n'chovuta kuchitsuka. Sitidawakakamize, ndipo sitinganene kuti adalakwa; mwana ndi wawo, ndipo Mpingo sulamula munthu kukongoletsa dzungu.

M'malo mwa mano, tidafunsa mwana aliyense dzina lake la ubatizo ndi zimene amadziwa za mwini dzinalo. Ambiri sankadziwa kanthu, ndipo manyazi adagwira ife aphunzitsi. Tidafotokoza za Kizito, wamng'ono pa amaritiri onse a ku Uganda, amene adaphedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, ndi za Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene adagulitsidwa ukapolo ali mwana ndipo adalengezedwa woyera mu 2000. Ana adalemba maina amenewa ndi awoawo, ena zilembo zitatembenuka, najambula nsomba, mitanda, bwato ndi nyenyezi. Kenaka kamtsikana kena ka zaka 6, kamene kadali chete nthawi yonseyi, kadatikoka malaya. "Aphunzitsi, amayi anga si oyera a m'buku. Kodi ndingawalembe?" Mayi ake adamwalira chaka chapitacho, ndipo mwa mwambo wathu ana sapita kumanda, choncho mwanayu adali asanaonepo pamene adagona. Tidamuuza kuti Odilo wa ku Cluny adaika tsiku la 2 Novembala chifukwa cha anthu ngati mayi ake, ndiponso kuti pa 1 Novembala timakumbukira oyera ambiri amene maina awo sali m'buku lililonse. Adalemba dzinalo ndi choko pa dzungu la agogo aja, pambali pa Kizito. Ana ena ataona adayamba kufunsana maina a akufa a kwawo, ndipo posakhalitsa malo adatha.

Tidamaliza dzuwa lisanalowe, ndipo aliyense adapita kwawo kukadali koyera. Maungu ndi zipanda zidakhala pakhonde la holo ya parishi masiku awiri. Pa 2 Novembala madzulo amayi a mphakati adatsuka maungu awiri ogula aja, nawaphika, ndipo apa mpeni udagwira ntchito yake m'manja mwa eni ake. Mwana aliyense adalandira kachidutswa, nthanga tidaziyanika palichero.

Lachitatu lija tidalinyamula ndi mnyamata wa bala uja kupita nalo kwa agogo ake, maina akadali pomwepo. Agogowo adalilandira ndi manja awiri, adalitembenuza mbali zonse, adagwedeza kachitsa ka pamutu, adaligogoda ndi chala kuti amve kulira kwake. Adafunsa mdzukulu wawo kuti awawerengere maina, ndipo atafika pa la mayi uja adati, "Ameneyu ndinkamudziwa, tinkatunga limodzi." Sadalitsuke. Adaliika pansi pa nkhokwe momwemo, ndipo adaliswa m'sabata yoyamba ya Disembala, mvula yodzalira itagwa.